Nsomba zikapinimbira, tiyambe tafunsa za mbewu

Mlimi aliyense amene anayesapo kuweta nsomba adziwa cisoni ca tsiku lokolola. Munthu wakumba dziwe ndi khasu ndi fosholo, wagula tiana ta nsomba ndi ndalama ya cimanga, wathira manyowa, wadyetsa gaga ndi cakudya ca m'sitolo kwa miyezi 6 kapena 7. Tsiku lokoka ukonde anansi abwera ndi mabeseni, koma zotuluka m'madzi ndi tinsomba tosadzaza ngakhale cikhatho ca mwana wa sukulu. Ena aloza cala madzi, ena cakudya, enanso ayamba kumuyang'ana ndi diso loipa mnzao wa dziwe loyandikana. Ocepa cabe ndiwo amafunsa kuti tiana tija tinabadwa kwa makolo otani.

Ife tikuti funso limeneli ndilo loyenera kuyamba, pakuti m'mera mpoyamba. Mlimi wa cimanga m'Zambia anaphunzira kale kuti mbewu yobwezera siibala monga mbewu yosankhidwa, ndipo pogula amayang'ana dzina ndi cidindo pa thumba. Koma mlimi yemweyo akafuna kuweta nsomba amagula tiana m'cigubu kwa munthu amene sangathe kunena kumene makolo a nsombazo anacokera. Boma lakhala likulimbikitsa anthu kukumba maiwe, ngongole zaperekedwa, makalabu a amai ndi acinyamata alowa m'nchitoyi. Ngati mbewu ili yoipa, ngongolezo zidzabwezedwa ndi misozi.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyenera kulowa pang'ono m'thupi la nsomba. Cimene timadya pa nsomba ndi mnofu umene imasambira nao, ndipo m'nsomba zambiri mnofuwu ndi pafupi-fupi theka la kulemera kwa thupi lonse. Amai amene amang'amba nsomba tsiku ndi tsiku adziwa kuti mnofu uli wa mitundu iwiri: woyera, umene uli wambiri, ndi kamzere kofiirira ka m'mbali. Kofiirirako kamagwira nchito nsomba ikamasambira mofatsa tsiku lonse. Woyera ndi wa liwiro, wothawira mdani kapena kuthamangitsa cakudya. Ndalama ya mlimi ili mu mnofu woyerawo.

Mnofu unapangidwa ndi tiulusi tambiri-mbiri togundizana. Apa nsomba isiyana ndi ng'ombe, mbuzi ndi munthu. Mwana wa ng'ombe amabadwa ali kale ndi pafupi-fupi tiulusi tonse timene adzakhala nato, ndipo akamakula tiulusito timangonenepa. Nsomba zambiri zimapitiriza kupanga tiulusi tatsopano zitaswa kale, kwinaku takale tikunenepa. N'cifukwa cake mlamba wa m'mtsinje waukulu umakulabe kwa zaka zambiri. Tanthauzo lake kwa mlimi ndi lakuti masabata oyamba a moyo wa kansomba ndi ofunika koposa. Ofufuza a ku Ulaya anapeza pa nsomba ya salmon kuti ngakhale kutentha kwa madzi pamene mazira akali kukhwima kumasintha ciwerengero ca tiulusi timene nsombayo idzakhala nato ikakula.

Zonsezi zimayendetsedwa ndi malangizo amene ali m'maselo a nsomba, ocokera kwa atate ndi amai ake. Akatswiri amawacha majini. Dzinali lisatiopse, si majini a mizimu ai. Ndi cibadwa cimene tonse tidziwa, comwe cimacititsa mwana kufanana ndi agogo ake. Pali majini anai amene ali ngati akapitao pa nchito yomanga mnofu: MyoD, Myf5, myogenin ndi MRF4. Awiri oyambawo amauza selo laling'ono kuti lidzakhala mnofu, osati fupa kapena khungu. Awiri enawo amatsiriza nchito, kuti maselo alumikizane n'kukhala kaulusi. Jini ya MyoD inadziwika mu 1987 ku America, pa kafukufuku wa gulu la Harold Weintraub, ndipo pambuyo pake inapezekanso m'nsomba.

Akapitao amenewa samagwira nchito popanda uthenga wakuti cakudya cilipo. Pansi pa ubongo pali kanthu kakang'ono kotulutsa homoni ya kukula. Homoniyo imapita ku ciwindi, ndipo ciwindi cimatulutsa ina yochedwa IGF-1 imene imauza mnofu kuti umange. Nsomba ikakhuta cakudya ca mapuloteni okwanira, uthengawu umakwera. Ikagona ndi njala, uthenga umatsika, ndipo majini ena amayamba kugumula mnofu kuti thupi lipeze mphamvu. Madzi akazizira, monga m'June ndi July, kapena mpweya ukacepa m'dziwe mpaka nsomba kumayasamula pamwamba m'mamawa, nchito yonseyi imacedwa. Nsomba za mtundu wa bream zimakula bwino madzi akakhala pa madigiri 27 mpaka 30, ndipo akatsika kufika pa 20 zimadya pang'ono cabe.

Palinso buleki. Mu 1997 Alexandra McPherron ndi Se-Jin Lee a pa yunivesite ya Johns Hopkins anapeza jini yochedwa myostatin, imene nchito yake ndi kuletsa mnofu kukula mopitirira. Mbewa zimene anazicotsa jiniyi zinatuluka ndi minofu yaikulu modabwitsa. Caka comweco kunadziwika kuti ng'ombe za Belgian Blue, zija zamatupi ngati za anyamata onyamula zitsulo, zimabadwa buleki ameneyu ali wakufa. Nsomba nazo zili ndi myostatin, ndipo zambiri zili nayo iwiri kapena kuposa. Cina cofunika kucidziwa n'cakuti m'nsomba jiniyi imapezekanso m'ziwalo zina monga ubongo, conco wocotsa buleki ameneyu ayenera kuyang'ana thupi lonse, osati mnofu wokha.

Kucokera pa cidziwitso cimeneci maiko atsata njira zitatu. Yoyamba ndi kutenga jini ya colengedwa cina n'kuiika m'nsomba. Kampani ya AquaBounty inapanga salmon yokhala ndi jini ya kukula yocokera ku salmon ya mtundu wina, pamodzi ndi kacidutswa ka nsomba inanso ya m'nyanja yozizira koicititsa kugwira nchito caka conse. Boma la America linailola mu 2015 patapita zaka pafupi-fupi 20 za kudikira. Koma ogula ambiri sanaifune, ndalama zinatha, ndipo kumapeto kwa 2024 kampaniyo inalengeza kuti yaleka kuweta nsomba. Nzeru inalipo, msika ndiwo unakana.

Njira yaciwiri ndi kudula kapena kuzimitsa jini ya nsomba yomweyo, popanda kuikamo yacilendo. Cida codulira cochedwa CRISPR cinadziwika mu 2012, ndipo cinapeputsa nchitoyi kwambiri. Mu 2017 ofufuza a pa yunivesite ya Auburn ku America anadula myostatin mu mlamba wa kwao. Mu 2018 dziko la Argentina linagamula kuti bream ya mtsinje wa Nile yokonzedwa mwa njira imeneyi siili m'gulu la zinthu za GMO. Mu 2021 ku Japan kampani ya Regional Fish inayamba kugulitsa nsomba ya m'nyanja yochedwa madai yocotsedwa buleki, imene mnofu wake wodyedwa uposa wa inzake ndi pafupi-fupi 20 peresenti.

Njira yacitatu ndi yakale, yomwe makolo athu anali kutsata posankha tonde wa m'khola ndi cisononkho ca mbewu. Ndi kusankha nsomba zokula msanga kuti ndizo zibereke, m'badwo ndi m'badwo, kwinaku ukulemba mabanja kuti abale asakwatirane. Mu 1988 ku Philippines bungwe limene lero lichedwa WorldFish, mothandizana ndi akatswiri a ku Norway, linasonkhanitsa bream ya Nile ya mitundu 8. Inai inatengedwa m'madzi a ku Egypt, Ghana, Kenya ndi Senegal, inai m'mafamu a ku Asia. Patapita mibadwo 5 yosankha, nsomba yochedwa GIFT inali kukula moposa makolo ake oyamba ndi pafupi-fupi 85 peresenti. Palibe jini imene inadulidwa kapena kuikidwamo. Anangosonkhanitsa pamodzi majini abwino amene analipo kale.

Tiyeni tiime pamenepa. Nsomba ya mu Africa inatengedwa kupita ku Asia, inakonzedwa kumeneko, ndipo inathandiza maiko a kumeneko kukhala alimi aakulu a bream pa dziko lapansi. Kwa zaka zambiri ife takhala tikugula bream youmitsidwa m'madzi oundana yocokera ku China, pamodzi ndi makerele ya ku Namibia, cifukwa nsomba zathu sizikwana. Dziko lokhala ndi Zambezi, Kafue, Luangwa, Bangweulu, Mweru, Tanganyika ndi Kariba siliyenera kudya ndiwo za m'makatoni. Cimene anzathu anaticita si matsenga. Anasunga mabuku, anadekha, ndipo anapereka ndalama caka ndi caka osaleka.

Maganizo athu ndi akuti pa njira zitatuzi, Zambia aike mphamvu zake pa yacitatu. Sitikunyoza sayansi yodula majini, ndipo tifuna ana athu aiphunzire. Koma tiyang'ane m'mbale yathu. Nsomba yocotsedwa buleki imapindulitsa kwambiri kumene anthu amagula mnofu wokha wosendedwa, n'kutaya mutu ndi mafupa. Kuno amai amagula nsomba yathunthu, ndipo mutu ndi wa atate kapena mlendo. Cimene mlimi wa ku Katete, Lundazi kapena Chongwe afuna ndi nsomba yofika msanga pa saizi ya msika, yopirira cisanu, yosafa msanga ndi matenda, yotha kukula ngakhale cakudya cisakhale ca pamwamba. Makhalidwe otere sadalira jini imodzi. Amadalira majini ambiri-mbiri ogwirira pamodzi, ndipo njira yowasonkhanitsira ndi kusankha.

Tikumbukenso kuti walira mvula walira matope. Nsomba yomanga mnofu wambiri imafuna mapuloteni ambiri ndi mpweya wambiri. Pa ulimi wa nsomba wa malonda cakudya cimadya ndalama zoposa theka la zonse zolowa. Kumpatsa mlimi nsomba ya cibadwa capamwamba pamene iye ali ndi gaga yekha kuli ngati kumpatsa thirakitala popanda dizilo. Majini amangoika malire a pamene nsomba ingafike. Kuti ifikedi pamenepo pafunika cakudya, madzi abwino ndi kusadzaza dziwe mopitirira. Conco aliyense wogulitsa tiana amene alonjeza kuti take timakula tokha popanda cakudya, mlimi amuthawe.

Cinthu cotilimbitsa mtima n'cakuti poyambira tili napo. Tili ndi nsomba yathuyathu, Kafue bream ya madontho atatu, imene ena amaicha njinji. Imakula bwino, imakoma, ndipo imapirira kuzizira kuposa bream ya Nile. Pa malo a boma ofufuzira za ulimi wa nsomba ku Mwekera, pafupi ndi Kitwe, panayambika nchito yosankha mbewu ya nsombayi mothandizana ndi WorldFish, pansi pa pulojekiti ya ZAEDP imene inayamba mu 2017 ndi ngongole ya African Development Bank. Anzathu a ku Malawi anacitanso cimodzi-modzi ndi makumba ao ku Domasi. Tiyamikira onse amene anagwira nchitoyi.

Nkhawa yathu ndi imene Mzambia aliyense aidziwa: pulojekiti ikatha, galimoto zimaima, akatswiri amapita kwina, ndipo udzu umamera. Nchito yosankha mbewu siilola zimenezo. Mukaleka kwa zaka ziwiri cabe, mabanja a nsomba n'kusakanizika m'dziwe limodzi ndipo mabuku n'kutayika, phindu la zaka zambiri limapita ndi madzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tipempha Unduna wa Nsomba ndi Ziweto pamodzi ndi Unduna wa Zacuma kuti nchitoyi ikhale ndi ndalama yakeyake m'bajeti ya dziko caka ciliconse, yosadikira obwereketsa akunja. Aphungu a Nyumba ya Malamulo, maka-maka a m'madera a alimi, azifunsa za ndalamayi poyera.

Coopsa caciwiri cili m'mitsinje momwe. Bream ya Nile inabwera m'dziko lino kudzawetedwa, inathawa m'maiwe n'kulowa m'Kafue, ndipo imakwatirana ndi Kafue bream. Ana obadwa pamenepo si njinji yeniyeni. Bungwe la IUCN linaika kale nsomba yathuyi pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pa ciopsezo. Kuonjezera apo, mu February 2025 damu la zinyalala za mgodi ku Chambishi linagumuka, madzi a asidi analowa mu Mwambashi ndi Kafue, ndipo nsomba zinafa zambiri. Jini ikatha m'chire siibweranso, ngakhale mukhale ndi makina odula cotani. Nkhokwe ya mbewu ya nsomba zathu isakhale pa malo amodzi. Pakhale maiwe osungira mbewu yeniyeni m'zigawo zingapo, kutali ndi migodi ndiponso kutali ndi nsomba zacilendo.

Sitikuti makampani aakulu oweta bream ya Nile m'makeji ku Siavonga atsekedwe. Apereka nchito kwa anthu ambiri ndipo acepetsa nsomba zogula kunja. Tikuti cabe lamulo la Fisheries Act la 2011 ligwire nchito pa nkhani yonyamula nsomba zamoyo kucoka ku dera lina kupita ku lina, kuti mitsinje imene ikali ndi nsomba zake zacibadwidwe isalowedwe. Phunziro la Kafue lisabwerezedwe kwina.

Coopsa cacitatu cili pa dziwe la mlimi mwini. Ambiri pokolola amagulitsa nsomba zonse zazikulu, n'kusiya zazing'ono kuti ndizo zibereke. Potero amasankha mbewu mobwerera m'mbuyo. Caka ndi caka amacotsa majini okula msanga n'kusunga okula mocedwa, ndiponso nsomba za mimba imodzi zimakwatirana zokha-zokha mpaka mtundu kufooka. Palibe mlimi amene amadya cimanga cabwino n'kusunga cofumbwa kuti cikhale mbewu, koma pa nsomba ndizo zimene ticita. Cinanso, bream imayamba kubereka ikali yaing'ono. Yaikazi imasunga mazira m'kamwa masiku ambiri osadya, ndipo mphamvu yoyenera kupita ku mnofu imapita ku mazira. Dziwe limadzala tiana tolimbirana cakudya. N'cifukwa cake alimi a malonda amaweta zazimuna zokha-zokha, zimene zimakula msanga kuposa zazikazi.

Zimenezi alangizi a za nsomba azidziwa, koma ndi ocepa ndipo ambiri alibe coyendera. Tipempha kuti uthengawu upite pa mawailesi a m'madera m'Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi ndi zinenero zina zathu. Tipemphanso kuti malo onse oswetsera nsomba alembetsedwe, aziyenderedwa, ndipo wogulitsa tiana azipereka lisiti yonena mtundu wa nsomba, kumene makolo ake anacokera ndi tsiku limene tinaswa. Mbewu ya cimanga ili ndi oyang'anira ake ku Mount Makulu. Mbewu ya nsomba iyeneranso kukhala ndi cidindo cimene mlimi angacikhulupirire, ndipo wogulitsa mbewu yabodza azilangidwa.

Tibwerere ku nsomba zodulidwa majini, pakuti tsiku lina zidzagogoda pa citseko cathu. Dziko lino lili ndi mbiri yake pa nkhaniyi. Mu 2002, m'kati mwa njala, boma la malemu Levy Mwanawasa linakana cimanga ca GMO ca thandizo. Mu 2007 kunabwera lamulo la Biosafety Act limene linakhazikitsa bungwe la National Biosafety Authority. Lamulolo linalembedwa zaka 5 CRISPR isanadziwike. Maiko ena a mu Africa monga Nigeria, Kenya ndi Malawi anatulutsa kale malangizo apadera a zamoyo zodulidwa majini. Ife tifuna bungwe lathu liuze mtundu momveka bwino kumene liima, ndipo cigamulo cisapangidwe m'hotela ndi anthu ocepa. Asodzi, alimi, mafumu, mipingo ndi amai ogulitsa nsomba m'misika afunsidwe. Safunsa anadya phula.

Ndipo pokambirana tisaiwale kuti nsomba si cimanga. Munda wa cimanga ungazulidwe ngati palakwika. Nsomba ikathawa m'dziwe nthawi ya madzi osefukira siingaitanidwe kuti ibwerere, ndipo mitsinje ndi nyanja zathu zikuluzikulu timagawana ndi Zimbabwe, Mozambique, Angola, Namibia, Congo ndi Tanzania. Tikuti nsomba iliyonse yokonzedwa mwa njira yatsopanoyi iyambe yayesedwa m'matanki otsekedwa, ikhale yosatha kubereka ngati yathawa, ndipo pa msika ilembedwe kuti wogula adziwe cimene adya. Yunivesite ya Zambia, Copperbelt ndi Kapasa Makasa, pamodzi ndi makoleji a NRDC ndi Kasaka, apatsidwe zipangizo kuti oyesa nsombazo akhale ana a dziko lino, osati kudalira mapepala a wogulitsa.

Caka ciliconse kuyambira pa 1 December mpaka kumapeto kwa February kusodza kumaletsedwa m'madzi athu ambiri kuti nsomba zibereke. M'miyezi imeneyo mtengo wa nsomba umakwera, ndipo mabanja osauka amadya nsima ndi ndiwo za masamba zokha, pamene ana akufunika cakudya comanga thupi. Nthawi imeneyo ndiyo dziwe la mlimi liyenera kudyetsa mudzi ndi kubweretsa ndalama ya sukulu ya January. Silingatero ngati muli nsomba zopinimbira.

Kwa alimi tikuti sungani nsomba zazikulu kuti zikhale makolo, sinthani mbewu pakapita nthawi, ndipo musagule tiana kwa munthu wosatha kukuuzani kwao kwa nsomba zake. Kwa boma tikuti nchito ya ku Mwekera isafe, mbewu yocokera kumeneko ifike m'maboma onse pa mtengo umene mlimi wamng'ono angakwanitse, ndipo Kafue bream itetezedwe ikalipo. Tidzapitiriza kufunsa za nkhaniyi pa tsamba lino mpaka tione tiana ta cidindo tikugulitsidwa ku Chipata, Petauke ndi Lundazi.